Kilatchi ya CVT pa kwadi: mafunso amene amandipeza kugalaja kuno ku Dedza

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi njinga zamoto za anyamata a kabaza. Koma zaka zapitazi makwadi, njinga zija za matayala anayi, ayamba kufika pakhomo panga: ena a m'minda ya mbatata ya kachewere kumtunda kwa Bembeke, ena a anthu oyendera nkhalango za paini, ena ang'onoang'ono a ku China ogulidwa atagwira kale ntchito. Pafupifupi mwini aliyense amatsika ndi mawu amodzimodzi: "Amakaniko, munditchunireko kilatchi." Ndikafunsa chimene kwadiyo ikuchita, kawirikawiri ndimapeza kuti ikufuna kutsukidwa, kupimidwa ndi kumangidwa bwino. Kutchuna kulipo, ndipo kuno kumtunda n'kofunika ndithu, koma kumabwera pomaliza. Mafunso ali m'munsimu ndawayankha kambirimbiri nditagwada pambali pa kwadi. Ndawalemba kuti wina wa ku Tsangano kapena ku Lobi asataye ndalama pa zinthu zimene sizingachize nthenda yake.

Amakaniko, CVT n'chiyani kwenikweni? Ine ndimangopatsa moto, kwadi n'kumapita.

Amene analowapo m'chigayo akudziwa kale theka la nkhaniyi. Pali pule ya injini, pule ya chigayo, ndi lamba pakati. Mukafuna chigayo chizizungulira msanga mumasintha kukula kwa pule. CVT ndi mapule awiri omwewo, kungoti pule iliyonse ndi mbale ziwiri zoyang'anizana ngati chilembo cha V, ndipo mbale imodzi imatha kuyandikira kapena kutalikira inzake kwadi ili paulendo. Mbale zikayandikana zimafinya lamba n'kumukankhira m'mwamba, pule n'kukhala ngati yakula. Zikatalikirana lamba amamira pakati, pule n'kukhala ngati yachepa.

Pule yakutsogolo, imene timati primary, imamangidwa pa crankshaft. M'kati mwake muli tizitsulo tolemera, pa makwadi ena topindika ngati kachikwakwa, pa ena tozungulira timene timati marola. Injini ikamazungulira, tizitsuloti timaponyedwa chakunja ngati mwala wa m'gulaye, n'kukankha mbale kuti ifinye lamba. Pule yakumbuyo, secondary, ili pa shafiti yolowa m'giyabokosi. Iyo ili ndi sipuling'i yaikulu ndi chitsulo cha timizere topendekeka chotchedwa helix, ndipo ntchito yake ndi kumva kulemera. Mukafika pachikweza kapena katundu akachuluka, secondary imalimbikira kufinya lamba n'kumubwezera ku giya yamphamvu.

Ndiye awiriwa amakhala akukokana nthawi zonse. Primary ikufuna liwiro, secondary ikufuna mphamvu. Kutchuna ndi kuweruza mkangano umenewu kuti injini izikhala pa marevu (liwiro la kuzungulira kwake) amene imatulutsa mphamvu zake zonse.

Kodi makwadi onse ali ndi kilatchi yofanana?

Ayi, ndipo apa ndi pamene mavidiyo a pa YouTube amasocheretsa anthu. Pa Polaris, Can-Am ndi Kawasaki, lamba yemweyo ndiye amagwira ntchito ya kilatchi: pa idle mbale sizimufinya, mukapatsa moto zimamugwira, kwadi n'kunyamuka. Pa Yamaha Grizzly ndi Kodiak, zokhala ndi makina amene eni ake amati Ultramatic, komanso pa Suzuki KingQuad, lamba amakhala wogwidwa nthawi zonse, ndipo chimene chimalumikiza injini ndi kilatchi ina ya nsapato imene imasambira mu oyilo m'kati mwa injini. Makwadi aang'ono a ku China okhala ndi injini ya GY6 ali ndi marola asanu ndi limodzi kutsogolo, ndi kilatchi youma ya nsapato kumbuyo, m'kati mwa belu lachitsulo. Makwadi ambiri a Honda alibe lamba n'komwe.

Musanamvere munthu aliyense, ineyo ndemwe, dziwani kaye kuti yanu ili m'gulu liti.

Mukaitchuna iwonjezera mphamvu?

Siwonjezera ngakhale pang'ono. Mphamvu zimapangidwa ndi injini. Kilatchi imangosankha mmene mphamvuzo zifikire pamatayala. Mukaipatsa changu ponyamuka, china chake chimachepa, kaya liwiro la pamapeto kaya petulo m'thanki. Walira mvula walira matope. N'chifukwa chake funso langa loyamba limakhala lakuti, kwadiyi imagwira ntchito yanji? Yokoka ngolo ya manyowa siitchunidwa ngati ya woyendera mitengo amene amangonyamula thupi lake.

Achimwene, kwadi yanga ikakhala ku Golomoti imakoka bwino, koma ikafika kuno kuboma imakhala ngati yatopa. Yawonongeka?

Mwina siinawonongeke. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Golomoti ndi Mtakataka zili pansi, kuchigwa cha kunyanja, kusiyana kwake n'kwa mamita pafupifupi 1,000. Munthu akamakwera mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 aliwonse. Werengani nokha: kwadi yokhala pa boma pano yataya kale cha m'ma 15 pa 100 ya mphamvu zimene inali nazo kufakitale, isananyamule n'thumba limodzi lomwe.

Vuto limene limabwera ku kilatchi ndi ili. Tizitsulo ta mu primary sitidziwa kuti tili ku Dedza. Timakankha mbale monga mwa masiku onse, n'kuikweza injini ku giya yaliwiro pamene ilibe mphamvu zokokera giya imeneyo. Marevu amagwa, injini imabuula, kwadi imakhala ngati munthu wokwera chitunda pa njinga yakapalasa ali pa giya yolimba.

Opanga makwadi amazidziwa zimenezi. M'mabuku ambiri a Polaris muli tebulo logawa malo pawiri, kuyambira pansi kufika mamita 1,800, kenako kupitirira 1,800, ndipo gawo lam'mwamba amalipatsa tizitsulo topepukirapo. Ife tili kumapeto kwenikweni kwa gawo lapansi, ndipo amene amagwira ntchito m'mapiri amadumpha malirewo tsiku ndi tsiku. Maganizo anga ndi akuti kwadi yonyamula katundu kuno kumtunda imapindula ndi tizitsulo topepukirapo pang'ono, ngakhale tebulo likunena kuti tikadali m'gawo lapansi. Koma yokhala ku Bwanje kapena ku Sharpevale, imene kuno imangobwera mwa apo ndi apo, isiyeni mmene ilili.

Chinanso: ngati kwadi yanu ndi ya kabuleta, mpweya wopepuka umachititsa kuti petulo azichuluka m'kasakanizidwe kake. Pulagi imada, utsi umanunkha petulo. Konzani zimenezo kaye. Za fuel injection zimadzikonzera zokha mbali imeneyi, koma mphamvu zotayika chifukwa cha mtunda sizibwerera.

Ndiye ndiyambire pati?

Pa injini. Air cleaner yoyera, pulagi yabwino, ma valve opimidwa, kabuleta yotsukidwa. Petulo wa kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, ndipo kwadi ikakhala miyezi osalizidwa amakoka chinyezi n'kutseka timabowo ta kabuleta. Injini yodwala siitchunidwira kilatchi.

Mukatero tsegulani chivindikiro cha lamba. M'nyengo ya fumbi, Seputembala ndi Okutobala, zimene ndimapezamo zimamvetsa chisoni: fumbi la m'misewu yathu losakanikirana ndi phulusa la lamba, lomatirira mpaka tizitsulo kulephera kusuntha. Lipemerereni ndi mpweya wa kompulesa mutavala chotseka pamphuno, chifukwa fumbi limenelo si lopuma. Mbale zipukuteni ndi kansanza kokhakhala kobiriwira kaja kotsukira mapoto, kenako ndi brake cleaner, mpaka utoto wakuda wa lamba uchoke. Yendetsani chala pambale. Ngati mukumva ngalande imene lamba wakumba, mbaleyo yatha. Onani marola ngati aphwatalala mbali imodzi. Gwedezani tizitsulo topindika pa mapini ake. Tikamagwedera cham'mbali ndiye kuti mabushi atha. Gwedezaninso mbale yosuntha. Pimani m'lifupi mwa lamba ndi vernier n'kuyerekeza ndi malire olembedwa m'buku la kwadi yanu. Lamba wodyeka amamira mu secondary ndipo safika pamwamba pa primary, kotero kwadi imanyamuka molefuka n'kutayanso liwiro la pamapeto, mavuto awiri pa chinthu chimodzi.

Makwadi ambiri amene amabwera kudzatchunidwa amachira pamenepa, n'kubwerera kwawo osagula sipuling'i.

Nanga zonse zikakhala bwino, nditenge tizitsulo topepuka kapena tolemera?

Lamulo lake n'losavuta kuloweza. Topepuka timachedwa kukankha mbale, marevu n'kukwera. Tolemera timafulumira, marevu n'kutsika. Chovuta ndi kudziwa kumene muli, ndipo khutu limanama. Pezani tachometer, kachipangizo kowerenga marevu. Zilipo zotchipa zongokulunga kawaya pa waya wa pulagi. Onetsetsani kuti mwaitchera molingana ndi injini yanu, apo ayi idzakupatsani theka kapena kawiri ka marevu enieni.

Sankhani msewu wafumbi wowongoka, wopanda anthu, ana ndi ziweto, wokhala ndi kachikweza ngati kamene mumakwera pantchito. Tenthetsani injini ndi lamba. Nyamulani katundu amene mumanyamula masiku onse, valani chipewa cha njinga, ndipo patsani moto wonse. Kilatchi yabwino imakweza marevu msanga kufika pamene injini ili ndi mphamvu zake, kenako marevuwo amaima pamenepo, liwiro lokha n'kumakwera. Nambala yake ili m'buku la kwadi yanu. Pa GY6 ya 150cc ndi cha m'ma 7,000 mpaka 7,500. Makwadi akuluakulu antchito ambiri amakhala pansi pa pamenepo.

Marevu akamaima pansi pa nambalayo, pepuzani. Akamapitirira, injini ikungolira koma osapita, kapena ikugunda rev limiter (malire a marevu amene injini imadzidulira moto), lemezani. Pa marola a GY6 ya 150cc, amene muyeso wake ndi 18x14, ndimasintha galamu imodzi basi nthawi imodzi, n'kubwereranso pa msewu womwe uja, ndi katundu yemwe uja, n'kulemba m'kope. Ndimalembanso ngati kunali kozizira kapena kotentha, chifukwa m'mawa wa Julayi ku Dedza injini imapuma mpweya wolemerako kusiyana ndi masana a Okutobala.

Pali kanjira kena kamene ndimakakonda. Jambulani mzere ndi maka pambale ya primary, kuchokera pakati kufika kumphepete. Tsekani, yendani mpaka liwiro lonse, tsegulaninso. Pamene mzere wafufutika ndi pamene lamba anafika. Ukatsala wautali kumphepete, lamba sakukwera mokwanira: mwina tizitsulo tapepuka mopitirira, mwina sipuling'i yakumbuyo yalimbitsa, mwina lamba watha.

Chofunika kwambiri pa zonsezi: sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Wosintha marola, sipuling'i ndi lamba tsiku limodzi sadziwa chimene chathandiza ndi chimene chawononga.

Ndinaona masipuling'i ofiira, achikasu, obiriwira. Wamphamvu ndi uti?

Utoto si muyeso. Kampani iliyonse ili ndi mitundu yake, ndipo yofiira ya EPI si yofiira ya Dalton. Yang'anani manambala. Sipuling'i ya primary imalembedwa ndi manambala awiri: yoyamba ndi mphamvu yake pamene kwadi ikunyamuka, yachiwiri ndi mphamvu yake itafinyika kumapeto. Yoyamba ikakwera, kilatchi imagwira pa marevu apamwamba. Anyamata amazikonda chifukwa kwadi imadumpha ponyamuka, koma kwa munthu wobwerera m'mbuyo kuti akole ngolo, kapena woyenda pakati pa mizere ya mbewu, kudumpha kumeneko n'koopsa ndipo kumapsereza lamba. Pa kwadi yantchito ine ndimasiya kagwiridwe kofewa.

Pa Yamaha, Suzuki ndi GY6 kagwiridwe kameneka sikachokera ku primary. Kamachokera ku timasipuling'i ting'onoting'ono ta nsapato za kilatchi.

Sipuling'i ya secondary ikalimba, lamba amafinyidwa kwambiri, saterereka pokoka katundu, ndipo kwadi imabwerera msanga ku giya yamphamvu mukafika pachikweza. Kwa anthu a m'mapiri zimenezi n'zabwino. Koma ikalimbitsa imatenthetsa lamba ndi kudya liwiro. Kwezani sitepe imodzi, osati zitatu.

Nanga helix?

Yopendekeka kwambiri imafulumiza kukwera magiya n'kutsitsa marevu. Yogona imagwiritsa lamba mwamphamvu n'kubweza giya msanga. Pa kwadi yantchito sindiikhudza kawirikawiri. Ndimangoona ngati timabatani kapena timarola toyenda pamenepo tatha.

Kubalansa kilatchi ndiye kuti chiyani? Ndi ngati kubalansa matayala a galimoto?

N'chimodzimodzi, kungoti tayala la galimoto limazungulira pang'onopang'ono poyerekeza ndi primary, imene imazungulira limodzi ndi injini. Tiyeni tiwerenge. Galamu imodzi yokha yoposa mbali imodzi, itakhala mamilimita 60 kuchokera pakati, pa marevu 6,000 imakoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 2.4. Magalamu asanu ndi makilogalamu 12, akukoka crankshaft uku ndi uku maulendo 100 pa sekondi iliyonse. Ndipo marevu akawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Zimene zimavutika ndi bering'i ya crankshaft ndi seal yake. Seal ikayamba kudontha, oyilo amalowa kwa lamba, ndiye mwagula mavuto atsopano.

Kilatchi imabalansidwa kufakitale ili yomangidwa pamodzi. Timabowo tosapyoza timene mumaona pambale kapena pachivindikiro chake si chilema. Ndi pamene anachotsa chitsulo pobalansa. Musatitseke, musaboole tina. Pa primary ya Polaris pali zizindikiro za X pa chivindikiro, pa spider (chitsulo cha miyendo chimene tizitsulo timakankhapo) ndi pa mbale yosuntha, ndipo pomanga ziyenera kuyang'anizana. Ngati yanu ilibe zizindikiro, jambulani zanu ndi maka musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, n'kujambulanso chithunzi ndi foni.

Chaka chatha kunabwera kwadi ina yochokera cha ku Linthipe, yonjenjemera mpaka manja a mwini wake kuchita dzanzi. Inali itangotuluka kumene kwa wokonza wina. Nditatsegula ndinapeza chivindikiro chamangidwa motembenuka, zizindikiro zikuyang'ana kosiyana, ndipo kachitsulo kamodzi mwa titatu kanali kochokera ku kilatchi ina, kolemera kuposa tinzake. Seal inali itayamba kale kulira oyilo. Zinandipweteka mtima, chifukwa mwini wakeyo analipira kawiri pa chinthu chimene maka ndi sikelo zikanaletsa.

Choncho kubalansa kumene tingathe pagalaja ndi uku: kusunga zizindikiro, kupima tizitsulo tonse pa sikelo yaing'ono ya digito yowerenga mpaka 0.1 ya galamu, kupima mabawuti ndi mawashala ake ngati ndi tizitsulo tosinthika, kusintha tonse pamodzi osati kamodzi, ndi kuchotsa matope ouma pa zipsepse za mbale. Kubalansa kwenikweni kozungulitsa pamakina kumafuna shopu yokhala ndi makinawo, ndipo kumafunika pokhapokha mbale itasemedwa kapena mutaphatikiza ziwalo za makilatchi awiri.

Anthu ena amapala tizitsulo pa grinder kuti tipepuke. Sindilimbikitsa. Kachitsulo kopindika sikagwira ntchito ndi kulemera kokha. Malo amene kulemerako kuli, kunsonga kapena kufupi ndi pini, amasintha kakankhidwe kake. Mutha kupeza magalamu ofanana pa sikelo koma titatuto tikukankha mosiyana.

Ndipo mbale yong'aluka musaiwotcherere. Ndi aluminiyamu yoyenga, yozungulira pafupi ndi mwendo wanu. Ikaphulika siichenjeza.

Ndingasakanize marola olemera mosiyana?

Pa GY6 mungathe: atatu a kulemera kwina, atatu a kwina, kuti mupeze pakati. Koma muwaike modumphitsa, lopepuka, lolemera, lopepuka, lolemera, kuzungulira. Mukaika atatu olemera mbali imodzi ndiye kwadi ya ku Linthipe ija.

Kunjenjemera kulikonse ndi kilatchi?

Ayi. Ikani giya pa neutral, mangani buleki, kwezani marevu pang'onopang'ono chivindikiro chili chotseka. Kunjenjemera kukamatsatira marevu kwadi ili chiimire, yang'anani kilatchi, lamba ndi marabala ogwira injini. Kukamabwera pokhapokha mukuyenda n'kumakula ndi liwiro, yambirani matayala. Matope a m'dambo ouma m'kati mwa limu amagwedeza kwadi yonse. Ikamagwedeza ponyamuka pokha, ngati ikutsimphina, kawirikawiri ndi lamba amene anapsa malo amodzi n'kuwonda pamenepo.

Wawa amakaniko, ndilibe puller. Hamala ndi tayaliva sizingachotse?

Pa makwadi amene primary inakhala pa nsonga yosongoka ya crankshaft, monga Polaris ndi Kawasaki, zingachotse, koma mutsala ndi mbale yopindika kapena crankshaft yovulala, ndipo puller ndi yotchipa kutalitali poyerekeza ndi zimenezo. Puller yake ndi bawuti yapadera yolowa m'mazinga a kilatchiyo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi yake. Puller ya zala zitatu yokokera kumphepete imapinda mbale. Dziwaninso kuti pa Kawasaki Brute Force ndi Prairie bawuti ya primary ili ndi mazinga akumanzere. Amene sadziwa amaimanga akuganiza kuti akumasula.

Sipuling'i ya secondary ndi yamphamvu zedi. Imafuna chofinyira, ndipo nkhope yanu isakhale pamwamba pake. Pomanga gwiritsani torque wrench ndi nambala ya m'buku. Impact, sipanala ija ya mpweya kapena yamagetsi, ndi yomasulira. Nsonga ya crankshaft ikhale youma ndi yoyera, yopanda girizi.

Bambo, malamba atatu chaka chimodzi. Akundigulitsa achinyengo?

Achinyengo alipo, koma ndisanaimbe mlandu wogulitsa ndimafunsa kuti mumakoka ngolo muli pa giya iti. Yankho limakhala High pafupifupi nthawi zonse. Chimapha lamba ndi kutentha, ndipo kutentha kumabwera lamba akamaterereka. Mukamayenda pang'onopang'ono pa High ndi matumba a mbatata kumbuyo, lamba amakhala pansi penipeni pa primary, pamene mbale sizimufinya mokwanira, ndipo fani ya kilatchi siikoka mpweya wokwanira woziziritsa. Mabuku a Polaris amati pa liwiro losapitirira makilomita 11 pa ola, pokoka, ndi pokwera chitunda, gwiritsani Low. Ine ndimawonjezera kuti ngolo ikakoledwa, Low mpaka mutaimasula.

Mukatitimira m'matope musalimbane ndi moto matayala ataima. Masekondi ochepa okha amakwanira kupsereza lamba malo amodzi. Mukamva fungo la labala wopsa, imani, tsitsani katundu, kankhani. Musagwire kwadi pachikweza ndi moto m'malo mwa buleki. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi lamba amadzuka wouma gwa. Yendani pang'ono kaye musanayambe kukoka. Onaninso mapaipi olowetsa ndi otulutsa mpweya ku kilatchi. Makoswe amakonda kumangamo zisa kwadi ikamagona pafupi ndi nkhokwe.

Zonsezi zikakhala bwino koma malamba akuthabe mbali imodzi, mapule awiriwo sali pa mzere umodzi, ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi marabala ogwira injini.

Lamba watsopano ndingomuika n'kumapita?

Mutsukeni kaye ndi madzi ofunda ndi sopo kuti mafuta a kufakitale achoke, aume bwino. Mbale zikhale zoyera. Ngati ali ndi muvi, tsatirani muviwo. Mukadzamuchotsa mtsogolo, mubwezereni moyang'ana komwe ankayang'ana. Makilomita makumi angapo oyambirira yendani mosapatsa moto wonse, mosakoka katundu, mukusinthasintha liwiro.

Gulani ndi nambala, osati ndi maso. Pa GY6 nambala ngati 842-20-30 ikutanthauza kutalika mamilimita 842, m'lifupi 20, kupendekeka kwa m'mbali madigiri 30. Injini zofupika zimatenga 743-20-30. Lamba wa chigayo kapena fanibeluti ya galimoto, ngakhale atalowa, si wa ntchito imeneyi. Wakale amene sanaduke musamutaye, mukulungeni n'kumuika m'bokosi la kwadi pamodzi ndi masipanala ake.

Ndikufuna matayala akuluakulu a m'matope. Kilatchi ikhudzidwa?

Ikhudzidwa. Kuchoka pa mainchesi 25 kupita pa 27 kuli ngati mwakweza giya ndi 8 pa 100. Pa 28 ndi 12 pa 100, osawerengera kulemera kwa tayalalo. Phatikizani ndi mphamvu zimene mtunda wa Dedza watenga kale. Apa ndiye kutchuna kumafunikadi: tizitsulo topepukirapo ndi sipuling'i yolimbirapo kumbuyo. Pa Yamaha ena amaika kawashala kopyapyala pakati pa mbale za primary kuti lamba ayambire pansi kwambiri. Kamathandiza ponyamuka, kamachotsako liwiro la pamapeto.

Ndawoloka mtsinje, injini ikulira koma kwadi siikuyenda.

Madzi alowa kwa lamba. Pansi pa chivindikiro pali kotsekera kotulutsira madzi. Tsegulani, madzi atuluke, tsekani. Ikani pa neutral, mangani buleki, kwezani ndi kutsitsa marevu pang'onopang'ono mpaka lamba aume, kenako yendani pa Low. Ngati anali madzi amatope, ngati a mitsinje yathu mu Januwale, mukafika kunyumba tsegulani mutsuke, chifukwa mchenga wotsalira umadya mabushi ngati sandipepa.

Potsetsereka kwadi imangomasuka n'kuthamanga yokha. Mungaikonze?

Funso ili ndimalitenga mwaulemu, chifukwa aliyense amene anatsikapo Khwekhwerere kapena tinjira ta m'mapiri a Ntcheu akudziwa kuti matsitso athu si masewera. Pa kwadi imene lamba ndiye kilatchi, marevu akagwa mbale zimamusiya lamba, injini n'kuleka kugwira matayala. Makwadi ena anapangidwa ndi bering'i yozungulira mbali imodzi yokha kuti injini izigwirabe. Polaris amati EBS, ndipo Ultramatic ya Yamaha ili nayo yake. Ngati yanu inali kugwira kale ndiye yasiya, bering'i imeneyo kapena helix yatha kapena yadzaza fumbi, ndipo zimakonzeka. Ngati sinapangidwe nazo, sipuling'i siingakupatseni zimenezo. Lowani pa Low musanayambe kutsika, patsani kamoto pang'ono kuti lamba akhale wogwidwa, ndipo mabuleki akhale abwino. Ngolo yodzaza imakankha kwadi kuchokera kumbuyo. Pamatsitso chepetsani matumba, mubwererenso ulendo wachiwiri. Ndipo kwadi ya mpando umodzi ndi ya munthu mmodzi.

Ndipake girizi kuti ziziyenda mofewa?

Pambale ndi pa lamba, ayi, ngakhale kadontho. Primary ya Polaris imagwira ntchito youma, marola a GY6 chimodzimodzi. Girizi amangoitana fumbi. Ma Yamaha ambiri ali ndi girizi wake m'chipinda cha marola, ndipo pamenepo tsatirani buku. Amene muli ndi kilatchi yosambira mu oyilo, thirani oyilo wa njinga yamoto wolembedwa JASO MA. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera amene amachititsa nsapato kuterereka, ndipo mudzabwera kudzatchunitsa kilatchi pamene vuto lili m'botolo.

Pa idle imafuna kuyenda yokha, ndipo giya imavuta kulowa.

Yambani ndi idle, mwina yakwera. Ikakhala bwino, ndiye lamba akukokedwa pamene sayenera: wafupika kapena si nambala yake, bering'i ya pakati pa primary yauma, sipuling'i ya primary yathyoka kapena yafooka, kapena mapule sali pa mzere. Musakakamize chogwirira giya. Mudzathyola za m'giyabokosi, zimene ndi zodula kuposa zonse tatchulazi.

Ndikamabwera kugalaja nditenge chiyani?

Kwadi yenieniyo, osati kilatchi m'thumba la shuga, chifukwa popanda kuiyendetsa sindingaone marevu. Tengani buku lake ngati lilipo, kapena jambulani nambala ya chassis ndi chaka chake. Masipeyala a makwadi akuluakulu sapezeka pa Lizulu kapena pa boma pano, ambiri timaitanitsa ku Lilongwe kapena ku South Africa, ndipo nambala ikalakwika mudikira milungu ingapo chinthu chosalowa. Lamba wakale mubwere naye, ngakhale woduka, chifukwa kapsedwe kake kamandiuza zambiri. Tizitsulo kapena masipuling'i amene wina anachotsamo mubwere nawonso. Ndipo mundiuze zoona za katundu: matumba angati, a makilogalamu angati, pa chikweza chiti, pa giya iti. Ngati ngolo ingathe kubwera, ibwere, tikayesere limodzi pa kamsewu ka kuseri kwa phiri.